Ngongole ikadalipo, galimoto yatha mtengo: madandaulo a eni ma Vitz ku Rufunsa

Ife amene tikudandaula pano ndife anthu a m'boma la Rufunsa, m'chigawo cha Lusaka: aphunzitsi, anamwino, alangizi a zaulimi, alimi, amayi opikula nsomba ku Luangwa Bridge ndi anyamata onyamula anthu pa msewu wa Great East. Chatisonkhanitsa ndi chimodzi. Tonse tili ndi timagalimoto tating'ono tija ta ku Japan, totsekula chitseko kumbuyo: Vitz, RunX, Allex, IST, Passo ndi Honda Fit. Tinagula ndi thukuta, ambiri ndi ngongole, poganiza kuti tasunga chuma choti tidzagulitse tsiku la mavuto. Tsikulo litafika, wogula anatitchulira mtengo woti munthu kuumva mawondo amalobodoka. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, n'chifukwa chake talemba.

Tikudziwa kuti galimoto iliyonse imakalamba, ndipo palibe wa ife amene amayembekezera kugulitsa pa mtengo umene anagulira. Chimene chikutiwawa n'chakuti Vitz ya kuno imatsika mtengo msanga kuposa Vitz inzake ya chaka chomwecho imene ikuyenda ku Kabulonga kapena ku Chelstone. Zinakwera sitima imodzi, zinalipira msonkho umodzi, koma pakapita zaka zochepa ya ku Lusaka imatchedwa galimoto pamene yathu imatchedwa chiphakasa. Kusiyana kumeneku sikuchokera ku fakitale. Kukuchokera pa msewu, pa msika ndi pa ngongole, ndipo amene akulipira ndife.

Choyamba, galimoto zimenezi zimatipeza zitakalamba kale. Toyota inayamba kupanga Vitz mu 1999, inasintha kapangidwe kake mu 2005 ndi mu 2010, ndipo mu 2020 inasiya dzinali ku Japan n'kuyamba kuitchula Yaris. RunX ndi Allex zinapangidwa kuyambira 2001 mpaka 2006 basi. Ndiye kuti RunX iliyonse imene mukuiona pa Chinyunyu lero ndi ya msinkhu wa mwana amene anamaliza kale sekondale. Ku Japan galimoto imayezedwa ikakwanitsa zaka zitatu, kenako zaka ziwiri zilizonse, ndipo ikapitirira zaka 13 msonkho wake umakwera. Mwini wake kumeneko amaitaya pa mtengo wotsika chifukwa kuisunga kwayamba kumudyera ndalama. Ikatero imakwera sitima mpaka ku Dar es Salaam, n'kuyenda pa msewu mpaka ku Nakonde, kapena imatsikira ku Durban n'kulowera ku Chirundu. Pofika kwa ife yasenza ndalama ya sitima, ya oichotsa pa doko, ya dalaivala, ya msonkho, ya kulembetsa ndi phindu la wogulitsa. Mbali yaikulu ya ndalama imene timalipira si ya chitsulo ayi, ndi ya ulendo ndi mapepala. Tsiku logulitsa, wogula safunsa za ulendo. Amayang'ana chitsulo chokha.

Palinso nkhani ya makilomita. Ambiri a ife tinagula kwa ogulitsa a ku Lusaka, pa wotchi pakuoneka makilomita ochepa ngati galimoto inkangopita ku tchalitchi. Patapita miyezi, makanika atatsegula, anapeza zitsulo zodyeka kuposa mmene nambala ija inanenera. Si chinsinsi kuti alipo anthu amene amabweza wotchi m'mbuyo. Pepala la kumsika wa ku Japan limene limalemba makilomita enieni ndi ngozi zimene galimoto inachitapo, ambiri sationetsa, ndipo munthu wochokera kumudzi sadziwa n'komwe kuti pepala lotero lilipo. Timalipira mtengo wa galimoto yanthete, n'kudzagulitsa pa mtengo wa yokalamba.

Chachiwiri ndi msewu, ndipo apa ndi pamene pagona madandaulo athu ambiri. Rufunsa inakhala boma payokha pa nthawi ya Pulezidenti Michael Sata, itachotsedwa ku Chongwe. Tinasangalala chifukwa maofesi anayandikira. Koma msewu wa phula umene tili nawo ndi umodzi, wa Great East, ndipo midzi, masukulu ndi zipatala zambiri zili kutali ndi phulalo. Wopita kwa Shikabeta, wolowa m'midzi ya kwa Bunda Bunda ndi kwa Mpanshya amadziwa chimene tikunena: miyala yosongoka, ngalande zokumbidwa ndi mvula, mchenga wa m'mitsinje youma, ndi mabampu a msewu wa dothi amene amagwedeza galimoto mpaka mano kuluma lilime.

Vitz inapangidwira misewu yosalala ya m'tauni. Kuchokera pansi kufika pa mimba yake ndi masentimita osakwana 15. Mukakweza anthu anayi ndi thumba la ufa, mpatawo umachepa ndithu. Mwala ukagunda sampu, oilo amayamba kudontha. Ekizozi imaphwanyika. Bampa yakutsogolo imathyoka n'kumangidwa ndi waya. Mashoko ndi mabushi, amene ku tauni amatha zaka, kuno nyengo imodzi ya mvula yawakwanira. Ambiri tinakweza galimoto zathu poika zitsulo pamwamba pa mashoko kuti mimba isamakhule pansi. Mimba imapulumuka, koma ma CV joint amadyeka msanga, ndipo wogula akaona kuti galimoto inakwezedwa amadziwiratu kumene inkayenda.

Phulalo nalonso silitipatsa mpumulo. Kuyambira pa Luangwa Bridge kupita ku Nyimba, Petauke, Katete, Chipata mpaka ku Mwami, msewu unakonzedwanso ndi thandizo la European Union, European Investment Bank ndi African Development Bank, ndipo amene anayendapo anaona kusiyana kwake. Ife a tsidya lino la mlatho tazolowera kuzemba maenje kwinaku tikupatukira malole akuluakulu opita ku Malawi ndi ku Mozambique. Dzenje limodzi usiku limatha kupinda rimu ndi kuphulitsa tayala nthawi imodzi.

Ndiye pali mapiri a Manenekela. Aliyense wodutsa pamenepo m'mwezi wa Okutobala anaonapo izi: kagalimoto kaima m'mbali mwa msewu, boneti ili m'mwamba, nthunzi ikufuka, okwera akhala pamthunzi ndi akatundu awo, dalaivala wagwira chigubu cha madzi akudikira kuti redieta izizire. Injini ya 1000cc ya ma silinda atatu, imene ili mu Vitz ndi Passo zambiri, ikakwera mtunda wautali chonchi itasenza katundu dzuwa likuswa mtengo, imatentha. Ikatentha kawiri katatu gasiketi imapsa, mutu wa injini umapindika. Makanika angaikonze ndithu, galimoto n'kuyendanso bwinobwino, koma mbiri yoti injini inatsegulidwapo siifufutika. Pa msika wa galimoto mawu amenewa okha amachotsa ndalama zambiri pa mtengo.

Ena amatiuza kuti vuto ndi lathu, timasenzetsa timagalimoto katundu wa lole. Amene amanena zimenezi abwere adzagone kuno. M'midzi yambiri ya kutali ndi phula mulibe basi. Mayi akayamba kumva zowawa za uchembere pakati pa usiku, anthu amagogoda pakhomo pa mphunzitsi amene ali ndi Vitz kuti awathamangitsire ku chipatala cha St Luke's ku Mpanshya. Feteleza akafika, galimoto yomweyo ndiyo imakatenga. Pa maliro ndi yomweyo, pa ukwati ndi yomweyo. Ungamukanize bwanji mnansi wako amene mwana wake wakomoka, pofuna kusunga mashoko? Timagalimoto timeneti tikugwira ntchito ya ambulansi, ya basi ndi ya ngolo, ntchito imene dera lonse likupindula nayo. Koma kutha kwake kumagwera munthu mmodzi.

Chachitatu ndi kukonzetsa. Sipeya yodalirika ili ku Lusaka, mtunda wa makilomita oposa 150 kuchokera pa boma. Galimoto ikafa, umatuma munthu pa basi, n'kudikira. Nthawi zina chimene wabweretsa sichilowa, ulendo uyambirenso. Nthawi zina chimalowa, koma ndi chachinyengo: bokosi lalembedwa dzina lodziwika, m'kati muli chitsulo chosatha mwezi. Amakanika athu a pansi pa mtengo ndi akhama, ndipo popanda iwo bwenzi palibe galimoto ikuyenda kuno. Koma ambiri alibe makina ounikira matenda a galimoto zamakono. Vitz ndi Fit zambiri zili ndi giyabokosi ya mtundu wa CVT, imene imafuna oilo wakewake. Mukathira oilo wa giyabokosi wamba, imayamba kunjenjemera ponyamuka, kenako imaterera, kenako imafa. Giyabokosi ina yogwiritsidwapo kale ntchito, kuphatikiza yomangitsa, imadya gawo lalikulu la mtengo wa galimoto yonse. Ndi pamene munthu amaima n'kudzifunsa: ndikonze kapena ndiisiye? Ambiri amaisiya. Yendani m'nyumba za aphunzitsi ndi za pa zipatala, mudzapeza timagalimoto takhazikidwa pa njerwa, matayala anachotsedwa, batire inapita kukayatsa magetsi m'nyumba, pamene pa malipiro a mwini wake ngongole ikudulidwabe mwezi ndi mwezi.

Mafuta nawonso ndi nkhani. Kutali ndi phula timagula a m'zigubu, ndipo sitidziwa kuti m'chigubumo mwalowa chiyani. Fumbi ndi madzi zimapha pampu ya mafuta pang'onopang'ono. Kuyambira 2022 mtengo wa mafuta umaunikidwa mwezi uliwonse, kotero wonyamula anthu sangathe kudziwiratu kuti mwezi wamawa atsala ndi zingati. Mafuta akakwera, ndalama imene ikanapita ku sevisi imapita mu thanki, ndipo sevisi yodumphidwa imadzaonekera tsiku logulitsa.

Chachinayi ndi msika. Kuno ogula ndi ochepa, ndipo amene alipo amaidziwa galimoto yako kuposa iwe: anaiona itatitimira pa mtsinje, anaikankhapo pa mtunda. Ndiye umapita nayo ku Lusaka. Umaitsuka, umaipaka polishi, umathira mafuta opitira ndi obwerera, umalipira pa tolo geti. Ukafika, anyamata oimira pakati amakuzungulira. Mmodzi amayang'ana nambala. Ikakhala yoyamba ndi AB kapena AL, wanena kale kuti ndi yakale pa msewu. Wina amagwada n'kusuzumira kunsi, amagogoda sampu yophwanyika ija. Amapisa chala mu ekizozi kuona mwaye, amatsegula chotsekera oilo kuona ngati muli thovu loyera, amakanikiza kumbuyo kuti aone mmene ikudumphira. Kenako amakoka labala wa pachitseko, fumbi lofiira n'kukhuthuka, fumbi limene ngakhale utatsuka chotani silichoka. Apo amafunsa mwaulemu ndithu: "Bosi, motoka iyi inali kuyenda kuti?" Ukangoti ku Rufunsa, amayang'anana, mtengo wadulidwa.

Iwo amadziwa kuti sungagone ku Lusaka sabata yonse. Amadziwa kuti wabwera chifukwa pakhomo pali vuto: fizi ya mwana, wodwala, kapena wa kaloba amene akukusowetsa tulo. Iwo ali ndi nthawi, iwe ulibe. Dzuwa likamapendeka, mtengo umene unaukana m'mawa umaulandira ndi manja awiri. Mawa lake galimoto yomweyo imaoneka pa Facebook itatsukidwa injini, mtengo utakwera, atalemba kuti inali ya mayi wina amene ankangopita nayo ku ntchito. Wogula wotsatira ndi mphunzitsi wina wa kumudzi, ndipo nkhani imayambiranso.

Chachisanu ndi Kwacha. Mu Januwale 2013, pamene ndalama yathu inachotsedwa maziro atatu, dola imodzi inali pafupifupi K5. Mu 2015 inapitirira K10. Mu Novembala 2020 dziko linalephera kulipira ngongole yake ya Eurobond, ndipo pakati pa 2021 dola inali itadutsa K22. Mu 2024 inapitirira K25. Tiyerekeze galimoto imene zonse pamodzi inadya madola 5,000. Mu 2013 imeneyo inali ngati K25,000; mu 2024 madola omwewo anapitirira K125,000. Munthu amene anagula kale angagulitse lero pa nambala ya Kwacha yofanana ndi imene anagulira, mwinanso yoposa, n'kumaganiza kuti sanaluze. Apite nayo ndalamayo kukagula galimoto ina, kapena feteleza, kapena malata, ndi pamene amazindikira kuti m'manja mwake muli kachigawo chabe ka chimene analipira. Kwacha ikagwa, sipeya imakwera. Kwacha ikalimba, galimoto zongofika kumene ku Nakonde zimatsika mtengo, ndipo palibe amene amayang'ananso yathu yakale. Kulikonse kumene ndalama yapita, mwini wa galimoto yakale ndi amene amapsa.

Chachisanu ndi chimodzi ndi ngongole. Ogwira ntchito m'boma ambiri a kuno tinagula galimoto ndi ngongole yodulidwa pa malipiro, ya zaka zingapo, ya chiwongoladzanja chokwera. Pomaliza kubweza, munthu walipira ndalama yoposa kwambiri mtengo wa galimotoyo, pamene galimotoyo yatsika. Pali nthawi imene ngongole yotsala imaposa ndalama imene ungapeze utaigulitsa. Ukagulitsa, utsala ndi ngongole wopanda galimoto. Ukasunga, ikudya mafuta, sipeya, inshuwalansi, msonkho wa msewu, msonkho wa utsi ndi ya fitinesi, ndipo zolipira za chaka ndi chaka zimenezi sizitsika chifukwa chakuti galimoto yakalamba. Obwereketsa anatiuza zimene tizidzadulidwa pa mwezi. Palibe anatiuza kuti pa mwezi womaliza galimotoyo idzakhala ya ndalama zingati.

Chilala cha 2024 chinaulula zonsezi. Pa 29 Febuluwale chaka chimenecho Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilalacho ndi tsoka la dziko lonse. Kuno chimanga chinauma chisanabereke. Mabanja amene anali ndi kagalimoto anati tigulitse tigule chakudya. Koma onse anaganiza chimodzimodzi pa nthawi imodzi, ogulitsa anachuluka, ogula anasowa. Makolo athu ankasunga chuma mu ng'ombe, ndipo ng'ombe ukaisunga zaka zisanu umaipeza ndi ana. Galimoto ukaisunga zaka zisanu umaipeza ndi dzimbiri. Chaka cha njala chinatiphunzitsa zimenezi mowawa.

Chotsiriza ndi mapepala. Galimoto zambiri za kuno zadutsa m'manja mwa anthu atatu kapena anayi, koma buku la umwini wa galimoto, white book, likadali m'dzina la munthu woyamba amene sitimudziwa n'komwe. Kusintha dzina kumafuna maulendo a kutali, masiku ojomba ku ntchito ndi ndalama ya mayendedwe, ndiye anthu amangolemberana kalata yogulitsana pamaso pa mboni. Tsiku logulitsa, wogula akaona dzina lachilendo pa bukulo amatsitsanso mtengo, kapena amachoka kumene poopa kuti ndi yakuba.

Sitinalembe kuti tingolira. Tili ndi zopempha, ndipo n'zotheka.

Kwa akuluakulu oona za misewu, tikupempha kuti mbali ya msewu wa Great East imene imadutsa m'boma lathu izisamalidwa mofanana ndi ya kutsidya kwa Luangwa, maenje azitsekedwa asanakule. Kwa aphungu athu, makhansala ndi makomiti a chitukuko, tikukumbutsa kuti thumba la chitukuko la CDF linakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni mu 2022, ndipo lakhala likukwerabe. Gireda idutse m'misewu ya kumidzi mvula ikangotha, osati kamodzi pa zaka zingapo, ndipo pa mitsinje imene timawoloka paikidwe makalavati. Msewu wosalazidwa umapulumutsa galimoto ya mphunzitsi, ndipo galimoto ya mphunzitsiyo ndi imene imapulumutsa mayi woyembekezera. Pa thumba lomwelo la CDF, pa gawo la maphunziro a ntchito zamanja, achinyamata athu atumizidwe kukaphunzira umakanika wa galimoto zamakono, kuti CVT isamafere m'manja mwa munthu wofuna kuithandiza.

Kwa oona za kulembetsa galimoto, tikupempha kuti azibwera kuno pa masiku odziwika, kuti fitinesi ndi kusintha dzina zizichitikira pa boma pathu pompano. Kwa oona za chilungamo pa malonda, tikupempha kuti wogulitsa galimoto yochokera kunja azikakamizidwa kuonetsa pepala la makilomita enieni, ndipo obweza wotchi ndi ogulitsa sipeya yachinyengo azilangidwa. Kwa obwereketsa ndalama, lembani poyera ndalama yonse imene munthu adzabweze kuyambira mwezi woyamba mpaka womaliza, munthu asaine akudziwa.

Mawu otsiriza ndi a inu anzathu amene mwangolembedwa ntchito kuno, amene mukuwerengera kale malipiro oyamba kuti mukatenge Vitz. Sitikukuletsani, chifukwa tikudziwa kuwawa kwa kuyenda pansi makilomita ambiri ndi mwana wodwala kumsana. Galimoto zimenezi n'zolimba, sizimwa mafuta ambiri, ndipo zatitumikira kuposa zimene zinapangidwira. Koma safunsa anadya phula. Musanalipire, yang'anani msewu wa kumene mukukhala. Tengani makanika wanu, osati wa wogulitsa. Funsani pepala la ku Japan. Sinthani dzina pa white book mwezi womwewo. Thirani oilo woyenera ndipo sungani malisiti a sevisi iliyonse, chifukwa ndi mboni yokhayo imene idzakuyankhulireni pa msika. Musatenge ngongole yotalika kuposa moyo umene galimotoyo yatsala nawo. Ndipo ngati cholinga chanu ndi kusunga chuma cha ana, chisungeni kwina. Galimoto igulidwe kuti igwire ntchito, ndipo ibweze ndalama yake ikadali pa msewu, chifukwa tsiku logulitsa simudzaipeza.